Mota yosatentha ndi mwala wa ku Kanyika

   

Lero tikamba za mota yamagetsi. Koma si mota wamba ayi. Ndi mota imene akatswiri a maiko akutali akhala akulimbana nayo kwa zaka zambiri, mota ya waya wosatentha. Mwina wina wayamba kale kufunsa kuti, zimenezo zikutikhudza bwanji ife olima tomato ndi anyezi? Khalani pompo. Nkhaniyi ikayenda kutali, koma ikathera m'boma lathu lomwe lino la Mzimba.

Tiyambe ndi funso. Kodi munaimapo pafupi ndi mota ya chigayo madzulo, itagaya tsiku lonse? Imatulutsa mpweya wotentha. Mwini chigayo akaizimitsa n'kuikapo dzanja, amalichotsa msanga. Nanga chaja ya foni yanu? Ikakhala pa soketi ola limodzi imafunda. Kutentha kumeneko kumachokera kuti?

Yankho lake ndi ili. Kutenthako ndi magetsi amene mwalipira koma sanakugwirireni ntchito. Ndibwereze. Ndi mayunitsi amene munagula, koma sanagaye chimanga, sanadzaze batire. Angosanduka kutentha n'kupita ndi mphepo.

Zimatero chifukwa waya aliyense amakaniza magetsi pang'ono. Ngakhale waya wa kopa, amene ndi wabwino kwambiri, amakaniza ndithu. Taganizani mukudutsa pakati pa msika wa Jenda anthu atadzaza. Apa mwagundana ndi dengu la tomato, apo mwapatukira njinga, uko wina wakupondani. Kutsidya mufika ndithu, koma thukuta lili kamukamu. Magetsi nawo amayenda chomwecho mkati mwa waya, ndipo thukuta lawo ndi kutentha kuja.

Amisiri okonza mamota amaidziwa bwino nkhaniyi. Mota ikapsa, amaitsegula pa tebulo. Fungo la vanishi wopserera limayamba ndilo kukulandirani. Waya amene anali wofiirira, wonyezimira, amakhala atada bii. Mmisiri amadula waya yense wakale, n'kuwerenga mosamala kuti anazungulira kangati pa mpata uliwonse. Akatero amakulunga watsopano ndi manja, amapaka vanishi, n'kuumitsa. Mufunseni mmisiri ameneyo kuti mdani wamkulu wa mota ndani. Adzakuuzani kuti ndi kutentha.

Ndipo si nkhani yaing'ono. Pafupifupi theka la magetsi onse a pa dziko lapansi amathera m'mamota: m'mapampu a madzi, m'mafakitale, m'mafiriji, m'zigayo. Mota iliyonse ikataya pang'ono, zotayikazo pamodzi ndi zochuluka zedi.

Tsopano tipite ku funso lachiwiri. Kodi alipo waya amene sakaniza magetsi ngakhale pang'ono?

Alipo. Anamutulukira mu 1911, mu mzinda wa Leiden ku Netherlands. Katswiri wina, dzina lake Heike Kamerlingh Onnes, anali ataphunzira kuziziritsa mpweya wa helium mpaka kusanduka madzi. Anatenga mercury, ija yonyezimira ya m'zoyezera kutentha kwa thupi zakale, n'kuiziziritsa mpaka madigiri 269 kunsi kwa ziro. Atapititsamo magetsi, anaona zodabwitsa. Kukaniza kuja kunangotheratu. Sikunachepe chabe ayi, kunatheratu. Zinthu zotere ndi zimene amazitcha masupakondakita.

Madigiri 269 kunsi kwa ziro. Tikamadandaula ndi chisanu cha ku Chikangawa mwezi wa June, timakhala tili pafupi ndi ziro basi. Firiza yosungira nsomba ndi nyama imatsika madigiri osakwana 20 kunsi kwa ziro. Ndiye onani kutalika kwa ulendowo. Apa m'pamene pagona vuto lonse la nkhani yathu. Waya wosatentha alipo, koma amafuna kuzizira koopsa.

Kwa zaka pafupifupi makumi asanu, zimenezi zinali za m'nyumba zofufuzira basi. Zitsulo zoyambazo zinkagonja msanga. Ukangoonjeza mphamvu ya maginito, zinkabwerera kukhala waya wamba. Zinthu zinasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pamene akatswiri anasakaniza chitsulo chotchedwa niobium ndi china chotchedwa titanium. Waya ameneyu anali wopirira, wopindika bwino, wonyamula magetsi ochuluka. Mpaka lero ndi amene ali m'makina ambiri a MRI, aja ojambula mkati mwa thupi m'zipatala zikuluzikulu. Lisungeni dzina limenelo, niobium. Tibwereranso.

Kenaka mu 1986, akatswiri awiri a kampani ya IBM ku Zürich, Georg Bednorz ndi Alex Müller, anapeza mtundu wina wa supakondakita umene sufuna kuzizira kofika pa helium. Chaka chotsatira analandira mphotho ya Nobel. Chaka chomwecho cha 1987, gulu la Paul Chu ndi Maw-Kuen Wu ku America linapeza msakanizo wa yttrium, barium, kopa ndi okosijeni. Umenewu umagwira ntchito ukaziziritsidwa ndi nayitrojeni wamadzi, pa madigiri 196 kunsi kwa ziro. Kukadali kuzizira koopsa, inde. Koma nayitrojeni ndi wotsika mtengo, chifukwa ndiye wadzaza mu mpweya umene tikupumawu. Apa m'pamene opanga mamota anadzuka.

Tafika tsono pa mtima wa nkhani. Kodi mota yotere amaikonza bwanji?

Mota iliyonse ili ndi mbali ziwiri. Ina imakhala chilili, ina imazungulira mkati. Magetsi akadutsa m'mawaya okulungidwa amapanga mphamvu ya maginito. Maginito a mbali ziwirizi amakokana ndi kukankhana, shafiti n'kuyamba kuzungulira. Mukafuna mota yamphamvu, mufunika maginito amphamvu. Mu mota wamba, zimenezi zimafuna kopa wambiri ndi chitsulo chambiri. N'chifukwa chake mota ya chigayo siinyamulika ndi munthu mmodzi. Komanso chitsulo chili ndi malire ake. Chimafika pokhuta maginito, ndipo ngakhale muonjeze magetsi, sichilandiranso.

Supakondakita amanyamula magetsi ochuluka kwambiri mu waya wochepa. Maginito ake amaposa pamene chitsulo chimakhutira. Choncho wopanga mota amatha kuchotsamo chitsulo chambiri. Zotsatira zake n'zotani? Mota yaing'ono, yopepuka, koma yamphamvu ngati yaikulu. Imeneyi ndiyo mphotho imene onse akuithamangira. Kusataya magetsi n'kwabwino, koma kupepuka ndiko kwakopa anthu ambiri.

Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Matope a mota imeneyi ndi ambiri, ndipo ine ndimaona kuti luso lenileni lili pa matope pomwepa.

Choyamba, waya uja ayenera kukhala wozizira pamene kunja kukutentha. Amamutsekera m'chotengera cha makoma awiri, pakati pake atachotsamo mpweya wonse. Muli nacho chotengera chotere m'nyumba mwanu. Ndi fulasiki ya tiyi. James Dewar, katswiri wa ku Scotland, anaipanga mu 1892 kuti azisungiramo mpweya wosanduka madzi. Za tiyi zinabwera pambuyo. Tsono taganizani fulasiki imene ikuzungulira mothamanga mkati mwa mota, kwinaku mukuithira mpweya wozizira wa helium kapena neon kudzera pa shafiti, osataya ngakhale pang'ono. Si ntchito yamasewera.

Chachiwiri ndi chimene chimandichititsa chidwi kwambiri. Mbali yozizira ija ndi imene ikupanga mphamvu yozungulira. Mphamvuyo iyenera kutuluka kupita ku shafiti imene ili kunja kotentha. Mukalumikiza ndi chitsulo chochindikala, mphamvu idutsa bwino, koma kutentha nako kulowera momwemo. Mukalumikiza ndi kanthu kopyapyala, kutentha sikulowa, koma kathyoka. Mwaona msamphawo? Chofunika ndi chinthu cholimba ngati chitsulo koma chosapititsa kutentha. Ambiri amagwiritsa ntchito paipi ya ulusi wagalasi womatidwa ndi guluu wolimba. Kutalika kwa paipiyo ndi kuchindikala kwake amaziwerengera mosamala, chifukwa kulakwitsa pang'ono mbali iliyonse kumaononga ntchito yonse.

Chachitatu. Magetsi amene timalandira ku ESCOM sayenda mbali imodzi. Amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi iliyonse. Supakondakita sakondwera nawo magetsi otere. Akamayenda mbali imodzi, sataya kanthu. Akamasinthasintha, amatulutsa kakutentha pang'ono. Mwina mukuti pang'ono si kanthu. Ayi, m'malo ozizira chonchi pang'ono ndi kanthu. Kuti makina oziziritsa achotse kutentha kochepa kumeneko, amadya magetsi oposa kakhumi, ndipo kozizira kwambiri mpaka kamazana. Ndiye opanga ambiri anagwirizana chimodzi. Supakondakita amamuika ku mbali yozungulira, kumene magetsi amayenda mbali imodzi. Mbali yachilili amaisiya ndi kopa wathu wakale yemweyo. Mota zambiri zimene zayesedwa mpaka lero ndi zotero, theka zatsopano, theka zakale.

Chachinayi ndi ngozi. Kachigawo kakang'ono ka waya kakangofunda pang'ono, kamasiya kukhala supakondakita. Magetsi ochuluka aja amapeza chokaniza mwadzidzidzi. Pamenepo pamatentha, kutenthako kumafalikira, ndipo m'kanthawi kochepa waya wa ndalama zankhaninkhani akhoza kupsa. Pofuna kupewa zimenezi, supakondakita samusiya yekha. Amamukuta ndi kopa, kuti zikavuta magetsi apeze kothawira. Amaikanso zipangizo zolondera usana ndi usiku, zozimitsa msanga zikaona chachilendo. Choncho kopa wa anansi athu a ku Zambia sadzatha ntchito. Ngakhale mu waya wamakonoyu alimo.

Pali zinanso. Masupakondakita atsopano aja ali m'gulu limodzi ndi mbale zadothi, sapindika, amasweka. Kuti akhale waya, amawapaka mopyapyala kwambiri pa kalamba kachitsulo. Kupanga kalamba kameneka n'kovuta, ndipo mtengo wake ndi wokwera.

Mwina tsopano mukufunsa kuti, ndi mavuto onsewa, ilipo mota imene inayendapo? Ilipo. Kampani ya American Superconductor pamodzi ndi Northrop Grumman anapangira asilikali a pamadzi a ku America mota yoyendetsa sitima, ya mamegawati 36 ndi theka. Mu 2009 analengeza kuti yayesedwa pa mphamvu yake yonse ku Philadelphia. Kulemera kwake sikunafike theka la mota wamba ya mphamvu yomweyo. Ku Denmark, pa gombe la Thyborøn, ntchito yotchedwa EcoSwing inakweza jenereta ya supakondakita pamwamba pa makina opangira magetsi ndi mphepo mu 2018, ndipo inapereka magetsi kwa anthu. Ku Japan, kampani ya Toshiba inaonetsa mota yotere ya mamegawati awiri mu 2022, ndipo mu 2024 inagwirizana ndi Airbus kuti aiyese pa ndege za m'tsogolo. Ndege zimenezo akufuna ziziyendera hayidirojeni wamadzi, amene ndi wozizira kale. Mafuta omwewo ndi amene aziziziritsa mota. Nzeru imeneyo ndi yokoma.

Tamverani bwino mndandanda umenewo. Sitima, ndege, makina a mphepo. Zonsezi ndi zinthu zikuluzikulu, kumene kulemera kumadya ndalama. Ndipo zambiri mwa izo zikadali zoyesera. Simungapite m'sitolo lero kukagula mota yotere.

Ndiye kodi idzafika pa chigayo cha pa Jenda? Ndikuuzeni zoona. Posachedwa ayi, ndipo mwina sidzafunikako n'komwe. Mota yabwino ya chigayo imagwiritsa kale ntchito magawo pafupifupi asanu ndi anayi mwa magawo khumi a magetsi amene yalandira. Kuti mupulumutse gawo limodzi lotsalalo, mungagule makina oziziritsa odula kuposa chigayo chonse? Simungatero. Komanso makina oziziritsawo amafuna magetsi osadukiza. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January. Magetsi ankazima maola ambirimbiri kwa miyezi yochuluka. Mota ya supakondakita ikafunda, simungangoiyatsa magetsi akabwera. Yaikulu imatenga masiku kuti izizirenso.

Kwa inu eni zigayo, fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Mdani wanu ndi yemwe uja, kutentha, ndipo zida zomugonjetsera muli nazo kale. Fumbi la ufa likamatirira pa mota, limaifunditsa. Lipukuteni tsiku ndi tsiku. Onani kuti fani yakumbuyo ili ndi mapiko ake onse, ndipo chivundikiro chake sichinatsekeke. Lamba asathine kwambiri. Magetsi akabwera ofooka, kapena waya mmodzi mwa atatu olowetsa magetsi mu mota akafa, mota imalira mwachilendo. Zimitsani pomwepo. Musakakamize chifukwa choti mzere wa amayi ndi wautali. Ndipo kachipangizo kodzizimitsa koteteza mota kakamagwa pafupipafupi, musakamange ndi waya. Kakukuuzani kuti mota yanu ikudwala.

Tsopano tibwere kwathu, monga ndinalonjezera. Mukulikumbukira dzina lija, niobium?

Kummwera kwa boma lathu lino, chakufupi ndi malire a Kasungu, kuli malo otchedwa Kanyika, m'dera la Inkosi Mabilabo. Pansi pa nthaka ya Kanyika pali niobium. Palinso tantalum, amene amalowa m'tizipangizo ta m'mafoni. Kampani ya ku Australia ya Globe Metals and Mining yakhala ikufufuza kumeneko kwa zaka zambiri. Inalandira chiphaso chokumba mu 2021, ndipo mu 2023 inasainirana mgwirizano ndi boma. Maiko okumba niobium ndi owerengeka. Pafupifupi yense wa pa dziko lapansi amachokera ku Brazil, makamaka ku Araxá, ndipo wotsalayo wambiri ndi wa ku Canada. Ndiye mwala wa ku Kanyika si mwala wamba.

Koma pano tisanamizane. Niobium wambiri sapita ku masupakondakita. Amapita ku mafakitale a zitsulo. Akathira pang'ono chabe, chitsulo chimalimba kwambiri, n'kukhala choyenera milatho, mapaipi a gasi ndi magalimoto. Wopita ku waya wosatentha ndi wochepa, ndipo amayenera kuyengedwa mpaka kuyereratu. Komanso mamota atsopano ambiri akutsata masupakondakita a 1987 aja, a yttrium ndi abale ake. Miyala ya banja limenelo nayo ilipo m'dziko muno, ku phiri la Songwe ku Phalombe ndi ku Kangankunde ku Balaka, ngakhale kuti kumeneko chimene akufuna kwambiri ndi neodymium wa maginito a magalimoto amagetsi. Choncho wina akadzakuuzani kuti ndege za mawa zidzauluka ndi dothi la ku Kanyika, mudzamufunse kuti afotokoze bwino.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi. Pakati pa mwala wa ku Kanyika ndi waya wa mu makina a MRI pali masitepe ambiri. Pali kukumba. Pali kuphwanya ndi kusefa. Pali kuyenga. Pali kusungunula ndi kusakaniza ndi titanium. Pali kukoka waya mpaka kukhala timaulusi tosaoneka bwino ndi maso, tokutidwa ndi kopa. Pa sitepe iliyonse mtengo umakwera. Wokumba ndiye amalandira zochepa kuposa onse. Wodziwa kupanga waya ndi mota ndiye amadya zonona. Funso langa n'lakuti, mwa masitepe onsewa, ndi angati adzachitikire kuno? Ndi angati adzagwiridwe ndi ana athu?

Ndipo tisaiwale anthu a ku Kanyika eni ake. Anauzidwa kalekale kuti adzasamuka. Anadikira zaka, ena osamanga nyumba zatsopano, ena osadzala mitengo, poti mawa tichoka. Mu 2017 nkhani yawo inafika mpaka ku khoti. Zimandiwawa kuganiza kuti chitsulo chothandiza kujambula odwala m'zipatala za kutali chingayambe ndi misozi ya mlimi wa kwathu. Siziyenera kutero. Luso la dziko lapansi lisamangidwe pa msana wa munthu amene sanalipidwe munda wake.

Paja safunsa anadya phula. Mafumu athu, makhansala, aphungu, a mipingo, ndi inu a m'makomiti a chitukuko, mukaitanidwa ku msonkhano wa za mgodi, pitani ndi mafunso. Mwalawu udzachoka muno uli wotani, wosaphika kapena woyengedwa? Mu mwala womwewo muli uranium pang'ono. Nanga zotsalira zidzasungidwa bwanji kuti zisalowe m'mitsinje ndi m'zitsime? Chipukuta misozi chidzaperekedwa liti, ndipo adzawerengera ndani? Ndi achinyamata angati a m'boma lino adzaphunzitsidwe ntchito za luso, osati ulonda ndi kukumba kokha? Mayankho ake alembedwe, ndipo awerengedwe pa gulu m'chilankhulo chimene agogo akumva.

Mawu anga omaliza apite kwa inu ana a sukulu, a ku Robert Laws ku Embangweni, a ku Mzimba Secondary, ndi a m'masukulu onse oyendera a m'midzi. Zonse ndakambazi zili mu Physics ndi Chemistry amene mukuphunzira. Maginito, magetsi, kutentha ndi kuzizira, ndi zomwezo. Ku Mzuzu University amaphunzitsa za mphamvu zamagetsi. Ku MUBAS ku Blantyre amaphunzitsa uinjiniya wa magetsi ndi wa migodi. Ku MUST ku Thyolo amaphunzitsa za zitsulo ndi kayengedwe kake. Ku Mzuzu Technical College amaphunzitsa ntchito ya magetsi ya manja. Atsikana, malo amenewa ndi anunso.

Ndipo Loweruka likubwerali, ngati pafupi nanu pali mmisiri wokonza mamota, mukamupemphe kuti muonerere akutsegula imodzi. Mukaone mmene waya wagonera m'mipata yake. Mukamufunse chifukwa chake amawerenga mizungulire, ndi chimene chimachitika akaika waya wochepa mphipi. Mukatenge kope, mukalembe zimene akuuzeni, ndipo Lolemba mukawaonetse aphunzitsi anu a sayansi.